Mmene ndinazimitsira magetsi ku Area 1

Linali Lachinayi, nthawi ili 2 koloko masana, pamene ine, munthu amene ndimachita manyazi ngakhale kuuza kondakitala kuti nditsika, ndinapezeka nditazunguliridwa ndi anthu olusa ku Area 1, mwana ali kumsana, pulagi ili m'manja. Mpaka lero ndikamadutsa pamalopo ndimafulumiza miyendo maso ali pansi. Koma musaganize kuti ndabwera kudzapepesa. Mtima wanga sunaphwe, ndipo mmodzi wa anthu amene anandipsetsa mtima pa nkhaniyi ndimakhala naye nyumba imodzi.

Nkhani yake ndi ya amayi anga, amene anatisiya chaka chatha. Chithunzi chawo chimene tili nacho n'cha pachiphaso, chija munthu amaoneka ngati akudikira jakisoni. Koma pa chinkhoswe changa msuweni wanga Limbani anabwereka kamera n'kujambula kanema, ndipo amayi analimo, akuyenda, akuyankhula. Kanemayo palibe anamuonapo. Tikafunsa, Limbani ankati akumukonza kaye, akufuna aikemo nyimbo ndi maluwa m'mbali. Anakonza mpaka ine ndinakhala ndi pakati, anakonza mpaka ndinabereka Tadala, anakonza mpaka amayi tinakawaika m'manda. Kenako kompyuta yake inapsa, iye n'kuganiza zopita ku Joni.

Tsiku lonyamuka anandibweretsera kachitsulo kolemera, kamakona anayi, atakakulunga m'nyuzipepala. Anati dzina lake ndi hadi disiki, ndiyo nkhokwe imene kompyuta imasungamo zinthu, ndipo kanema uja ali mmenemo. Anati ndikadzapeza kompyuta ina ndidzangoikamo, n'zosavuta. (Anthu onse amene anandizunza pa nkhaniyi anayamba ndi kundiuza kuti n'zosavuta.) Ndinakasunga m'sutikesi, pakati pa zitenje zimene amayi anandisiyira, ndipo sutikesiyo sindinkalola munthu kuisuntha ngakhale posesa.

Bambo a Tadala amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ina ya mpanda ku Area 10. Abwana awo atagula kompyuta yatsopano anawapatsa yakale, ija ya chibokosi chachikulu yokhala ndi sikilini payokha. Inkayaka bwinobwino. Tsiku limene inafika kwathu ku Kauma ndinatulutsa disiki ija n'kuwapempha kuti tipite nayo kwa odziwa.

Amuna anga anaseka. Anati odziwa ake ati, pamene iwo akhala akuona pawindo abwana akutsegula kompyuta yomweyi? Anafika poitana aneba kuti abwere ndi mipando adzaonere chinkhoswe. Anatenga mpeni wanga wosendera mbatata n'kumasulira masikuluwu (nsonga yake inapindika, ndipo mpaka pano sanandigulire wina). Analowetsa disiki pansi pa inzake imene inalimo kale, analumikiza kachingwe kofiira kamene anakapeza kakulendewera, n'kuyatsa. Pa sikilini panaoneka nkhokwe imodzi yokha, ya abwana. Yathu kunalibe. Anazimitsa, anayatsanso. Anaimenya khofi m'mbali. Anauzira mpweya m'kati ngati akukoleza mbaula. Aneba anayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense atanyamula mpando wake. Pomaliza amuna anga anapukuta manja n'kunena kuti mwina kompyutayo sinaizolowere disiki yachilendo, tizisiye zigone limodzi.

Ndinawayang'ana. Zizolowerane, ngati nkhuku yogula kumene ikalowa m'khola. Mumtima ndinayankha zambiri, zina zosalembeka pano, koma pakamwa panangotuluka "chabwino".

Zinagona limodzi masiku angapo osazolowerana. Bambo a Tadala atatopa, anati kutchalitchi kwathu kuli a Kachingwe, amene amakonza makompyuta pa ofesi ina ku City Centre, ndipo awauza kale. Amuna angawo sakanatha kuchoka kuntchito, ndiye wopita ndinali ine.

Lachinayi lija m'mawa ndinakulunga chibokosi m'chitenje, ndinabereka Tadala, n'kusenza. Kondakitala anati katundu wotere amalipira mpando wakewake. Ndinakana ndi mutu wokha, n'kuchikhazika pamiyendo, mwana n'kumusunthira kutsogolo. Ulendo wonse ndinagwira timiyendo take kuti asamaponde agogo ake m'chibokosimo.

Ofesi ya a Kachingwe inali ya zitseko zagalasi, pansi ponyezimira moti mapazi anga afumbi ndinkawaona kawiri. Mtsikana wa polandirira alendo, wamng'ono kwa ine, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kundiuza kuti ogulitsa malonda saloledwa muno. Ndinati sindikugulitsa, ndikufuna a Kachingwe. Anati ndibwereze, sanamve. Ndinabwereza. Anatinso sanamve. (Anamva. Ndikudziwa kuti anamva.) Anandilozera benchi ya pakona, kuseri kwa mphika wa maluwa, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka Tadala anayamwa, anagona, anadzukanso.

A Kachingwe atatuluka anandilonjera bwino, koma ankaoneka kuti mwendo umodzi uli kale kumsonkhano. Anatsegula chibokosi pabenchi pomwepo, anasuzumira, n'kuseka chapansipansi. Anafunsa amene anaika disikiyo. Ndinati bambo akunyumba. Anati disiki imafuna zingwe ziwiri, china chotumizira zinthu ku kompyuta, china cha moto, ndipo amuna anga analumikiza chimodzi chokha. Ndiye kuti masiku onse aja disiki inali gone, yopanda moto, ife tikudikira kuti izolowere. Analumikiza chingwe chinacho, anayatsa pakhoma, n'kundiuza kuti ndiike chala pa disikiyo. Inkanjenjemera pang'ono, ngati kamwana ka mphaka kali m'tulo. Misozi inalengeza m'maso.

Anati masikilini a pa ofesi saloledwa kuyeserapo katundu wakunja, koma chatsala n'chaching'ono. Mwina ionekera yokha, ndipo ikapanda kuoneka, wokonza aliyense ku Area 1 angoipatsa chilembo chake kuti kompyuta iziionetsa. Akutseka chibokosi anaima kaye n'kundiyang'ana m'maso.

"Koma chimodzi, mayi a Tadala, akanena zofomata mukane. Kufomata n'kusesa zonse zili m'katimo. Sizibwerera."

Ndinagwedeza mutu. Ndikanatha kubwerera kunyumba kukayesa pa sikilini yathu, koma nditakumbukira amuna anga ndi mpeni uja ndinakwera minibasi ya m'tauni.

Amene mumaidziwa Area 1 masana mukudziwa kuti munthu wosenza katundu sayenda, amangokankhidwa. Uku wakabaza akuliza belu, uku wina akukutsatsa nsapato pamphuno, uku wina akufunsa ngati chibokosicho n'chogulitsa. Mayi wina wa nthochi anandilozera pakhonde lina pamene panali timashopu togundana: wometa tsitsi, telala wachikulire wa kachisoti koyera amene anthu ankamutchula Che Amidu, mayi wa firiji ya mafirizi, ndi tebulo lodzaza mafoni otsegulidwa mimba la bambo wachinyamata amene aliyense ankangomuti Injiniya. Onsewa moto ankatenga pa soketi imodzi ya pakhoma. Pa soketipo panali pulagi imodzi, chingwe chake chikukathera mu ekisitenshoni, mmenemo mukuchokanso ina, inanso, ngati dzungu loyanga. Benchi ya odikira inali pomwepo, soketi ili pafupi ndi bondo langa. Panthawiyo sindinaganizepo kanthu.

Injiniya anandifunsa vuto. Ndinayambira pa chinkhoswe, poti nkhaniyo imayambira pamenepo. Ndisanafike n'komwe pa Limbani anandidula, anati wamva, disiki yachiwiri sikuoneka, zimenezo amapanga tsiku ndi tsiku. Analumikiza chibokosi ku sikilini yake, foni n'kulira. Anaipanira pakati pa phewa ndi khutu n'kuyamba kucheza ndi munthu amene ankamutchula "bebi", dzanja lili pa mausi.

Ndili pabenchipo ndinayamba kuona mmene amagwirira ntchito. Kunabwera bambo wina kudzatenga foni, Injiniya anati waifomata, ili bwino tsopano. Kunabwera mtsikana ndi fulashi yosatseguka, anati aisiye aifomata. Ndinazindikira kuti munthuyu ali ngati azakhali anga, amene matenda alionse, kaya mutu kaya mwendo wothyoka, amati imwa panado.

"Zikomo achimwene," ndinatero.

Anakweza chala kuti ndidikire. Ine ndinaleredwa kuti munthu akamayankhula sumudula pakamwa, ndiye ndinadikira. Sipika yake inkaphulitsa nyimbo, makina ometera akulira, makina a Che Amidu akugogoda. Ndinasendera pafupi, ndinawerama pang'ono mwaulemu, n'kunena kuti a Kachingwe anati ingofunika chilembo, asafomate. Ndikulumbira, ndinanena. Koma mawu anga ndi aja amathera kukhosi. Iye anangoti wandimva, ndisadandaule, maso ali pa sikilini, akusekerera zimene bebi akunena.

Disiki sinaonekere yokha. Anatsegula tsamba lina, panaoneka mizere iwiri, wina wokhala ndi dzina, wina wopanda. Analoza wopanda dzinawo ndi mlomo.

"Ndi imeneyi sisi. Tingoifomata, ikhala ngati yatsopano."

Ndinati ayi. Ndinanenadi, koma ngakhale Tadala kumsanaku sindikhulupirira kuti anamva. Pa sikilini panatuluka kabokosi ka mawu a Chingerezi. Sukulu ndinalekeza sitandade 5, sindinawerenge zonse, koma ndinaona kamuvi kakuyenda pang'onopang'ono kulowera pa batani, ndipo ndinadziwa kuti kakafika, amayi andichokeranso kachiwiri. Sindikumbukira kuti ndinaganiza. Dzanja linangotsika lokha n'kuzula pulagi.

Khonde lonse linati zii.

Ndinatseka maso kudikira kutukwanidwa. Koma amene anayamba kutukwanidwa sindinali ine. Wometa anaponya makina patebulo n'kunena kuti anthu a magetsi awa atimaliza. Kasitomala wake, bambo wonenepa wa tayi, mutu utametedwa mbali imodzi kuyambira pakhutu kufika pakati, anati ali ndi msonkhano posachedwa, apita bwanji chonchi. Che Amidu anavula magalasi modekha n'kunena kuti dzulonso anazimitsa nthawi ngati yomweyi. Mayi wa firiji anayamba kulirira mafirizi ake. Injiniya anauza bebi kuti magetsi apita, n'kutsamira pampando. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana pakhoma. Ndani mu Lilongwe muno magetsi akazima amayang'ana soketi?

Pulagi ndinaifunditsa chitenje pamiyendo. Kuibwezera ndinkaopa, poti aliyense akanaona, komanso munthu uja akanapitiriza pamene analekezera. Kuulula ndinkaopanso. Ndiye ndinangokhala ndi nkhope ya munthu wosalakwa, ndikugwedeza mwana amene sankalira n'komwe. Mayi wa firiji anandifunsa ngati kwathu amazimitsanso chonchi. Ndinati eya, amazimitsa. (Silinali bodza.)

Anthu a magetsi ananenedwa mokwanira, iwo ndi abale awo omwe. Bambo wa tayi anali atayamba kuyesa kuphimba mutu ndi kampango pamene wometa anaima chilili n'kutchera khutu. Tsidya la msewu wowotcherera zitsulo ankagwira ntchito, moto ukuthetheka. M'shopu yoyandikana nayo babu linali ngwee. Wometa anawerama, anagwira chingwe cha makina ake n'kuyamba kuchitsata dzanja ndi dzanja. Anadutsa ekisitenshoni yoyamba, anadutsa ina, anakwawa pansi pa tebulo la Injiniya, anatulukira kuseri kwa firiji. Chingwe chinakathera m'chitenje changa.

Anakoka pang'ono. Ine ndinagwiritsa. Anakokanso. Anthu onse anatembenuka.

Che Amidu, Mulungu awadalitse, anafuna kundipulumutsa. Anati ndi mwanayu, ana amagwiragwira zinthu, tisachulutse nkhani. Ndikanangovomera, zikanathera pomwepo. Koma Tadala anali kumsana, timanja take tili m'kati mwa chitenje, ndipo nditamva kuti mlandu ukupita kwa mwana wanga chifukwa choti akuluakulu safuna kumva, china chake chinaduka m'chifuwamu. Ndinaimirira.

"Si mwana ayi, ndazula ndine. Ndakuitanani kangati achimwene inu? M'chitsulo chimenecho muli amayi anga. Anamwalira, ndipo kulibenso kwina kumene ndingawaone akuyenda. Inu mumafuna kuwasesa mukucheza ndi bebi."

Mawuwo anamveka mpaka kwa wowotcherera zitsulo. Ndikanalekera pomwepo zikanakhala bwino, koma pakamwa patatseguka panakana kutseka. Ndinakalipira Limbani ali ku Joni. Ndinakalipira amuna anga ndi zinthu zawo zozolowerana. Ndinanena za mpeni wanga, za kondakitala, za mtsikana wa zikhadabo, anthu akungoyang'anana poti palibe ankawadziwa anthu amenewa. Bambo wa tayi atayesa kunena za msonkhano wake, ndinawauza kuti tsitsi limamera. (Bambo inu, ngati mukuwerenga izi, inu nokha ndiye pepani. Munalibe mlandu.)

Mpweya utandithera, Che Amidu anabwera n'kutambasula manja onse awiri.

"Mwana wanga, tamva. Bweretsa pulagiyo, palibe afomate kanthu pano."

Ndinawapatsa, ndipo manyazi onse amene anandithawa aja anabwerera nthawi imodzi.

Moto utabwerera, Injiniya anayamba kudziteteza. Anati ndikanangonena (ndinamuyang'ana, anasiya). Kenako ananena chinthu chimene sindinkachidziwa. Anati kuzula moto kompyuta ikugwira ntchito kumatha kupha disiki, ndipo ikapezeka yafa, ndaipha ndine. Kompyuta inachedwa kuyaka. Panabwera timalemba toyera tikuthamanga pa sikilini yakuda, kenako kanthu kozungulira kosafuna kuima. Ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti chitsulochi ndachisunga m'zitenje nthawi yonseyi, chapulumuka mpeni, chapulumuka makofi, kuti ndidzachiphe ndekha ndi dzanja langa. Mkwiyo wonse unatembenukira kwa ine mwini.

Inayaka. Injiniya, foni ili chafufumimba patebulo, anatsegula tsamba lija. Mzere wopanda dzina unalipobe. Anadina apa, anadina apo, anasankha chilembo, ndipo nkhokwe yachiwiri inatulukira pambali pa inzake ngati inalipo kalekale. Ntchito yonseyo inali yaifupi kuposa kusintha mwana thewera. Chimenechi n'chimene chimandiwawa mpaka lero.

Kanema anamupeza. Ndinkafuna ndikaonere kunyumba ndekha, koma ndinalibe nkhope yonenera, poti khonde lonse linali litaunjikana kumbuyo kwanga. Ngakhale bambo wa tayi anatembenuza mpando, wometa akumaliza mbali yotsala.

Limbani ndi Limbani. Anajambula atsikana a kwaya, anajambula mbale za nyama, anabwereranso kwa atsikana a kwaya. Ine ndinaonekamo pang'ono, mutu uli pansi ngati ndataya singano. Mtima unayamba kutsika. Kenako chakumapeto, kamera ikugwedezeka, amayi analowa kuchokera kumbali, atamanga duku lawo lobiriwira, akuvina pang'onopang'ono ndi mapewa okha. Ataona kamera anaima n'kuikupiza ndi dzanja.

"Iwe Limbani, ukujambuliranji nkhalamba? Jambula mwana wangayo, taona mmene wakongolera."

Anaseka, anaphimba pakamwa, kamera n'kutembenukira kwina. Kanthawi kake n'komweko. Mawu awo ndinali nditayamba kuwaiwala, ndipo sindinkadziwa kuti ndikuwaiwala mpaka nditawamva. Ndinalira pamaso pa anthu amene ndinali nditangowakalipira kumene. Che Amidu anauza Injiniya kuti abwezere pamenepo, iye anabwezera. Ndinatsitsa Tadala kuti aone agogo ake, koma mwini wake ankangofuna kugwira mausi.

Madzulo nditawauza bambo a Tadala kuti disiki yaoneka, anagwedeza mutu mokhutira n'kunena kuti ankadziwa, zinthu zimenezi zimangofuna nthawi. Ndinatsegula pakamwa. Ndinatsekanso. Zikuoneka kuti mawu anga a chaka chonse ndinali nditawamalizira ku Area 1.

M'mawa mwake ndinadzuka ndi mantha akuti amayi akadali malo amodzi okha, m'chitsulo chimene chingafe tsiku lililonse. Ndinakulunganso chibokosi, ndinabereka mwana, ndinagula mamemori kadi panjira kuti kanemayo akakhalenso kwa abambo anga kumudzi ndi kwa achemwali anga, n'kubwerera pakhonde lomwe lija. Ndinkafuna ndikafike ndi mawu amphamvu, ndipo ndinawayeserera m'minibasi monse. Nditafika ndinapereka moni, palibe anamva. Ndiye ndinangopita pabenchi n'kukhala kumapeto kwake, bondo litagunda soketi.

Wometa atandiona anauza kasitomala wake kuti asagwedezeke, amalize msanga. Injiniya anatsitsa nyimbo, anaika foni m'thumba, n'kukokera mpando pafupi.

"Nenani sisi, ndikumva."

Ndinanena chapansipansi ngati kale, maso ali pa mapazi anga. Anamva zonse.